Mwalipira malo otsatsira malonda m'kalata ya pa imelo koma ogula sakubwera: mmene mungapezere pamene pavuta

Dandaulo lake limakhala lofanana nthawi zambiri. Mwini bizinesi wapeza kalata ya nkhani yomwe imatumizidwa pa imelo kwa anthu zikwizikwi mlungu uliwonse, wagwirizana mtengo ndi mkonzi wake, walemba uthenga wotsatsa malonda, walipira, ndipo kalatayo yatuluka pa tsiku lomwe anapangana. Kenako pamadutsa masiku atatu, mlungu wathunthu, koma foni siikulira, pa WhatsApp palibe wofunsa mtengo, ndipo patsamba la pa intaneti la bizinesiyo alendo sanachuluke kuposa masiku onse. Ambiri akafika pamenepa amathamangira kusintha mawu a uthengawo, pomwe ena amangogamula kuti kutsatsa malonda kudzera pa imelo n'kutaya ndalama.

Uthenga wamalonda woikidwa m'kalata ya munthu wina umadalira zinthu zingapo usanabweretse ndalama. Kalatayo iyenera kufika kwa wowerenga ndi kutsegulidwa, maso ake ayenera kufika pamene pali uthenga wanu, mawu anu ayenera kumuchititsa kudina linki, ndipo kumene linkiyo yamufikitsa ayenera kupezako zimene munamulonjeza pamodzi ndi njira yosavuta yogulira. Mawu omwe munalemba ali ndi mphamvu pa chimodzi chokha mwa zimenezi, choncho kuwasintha musanadziwe pamene paphonya kukhoza kukudyerani ndalama kachiwiri popanda chosintha. Ntchito yoyamba ndi kufufuza, ndipo kufufuzako kumayamba ndi manambala.

Manambala oyenera kufunsa, ndi omwe simuyenera kuwakhulupirira kwambiri

Mkonzi amene amatumiza kalata yake kudzera pa Mailchimp, Substack, beehiiv kapena pulogalamu ina yotere amakhala ndi lipoti la kalata iliyonse yomwe yatuluka. Popeza mwalipira, muli ndi ufulu womupempha kuti akuuzeni chiwerengero cha anthu omwe kalatayo inawafikadi, cha omwe anaitsegula, cha omwe anadina linki ina iliyonse m'kalatamo, ndi cha omwe anadina linki yanu. Nambala yachitatuyo ambiri saifunsa, koma ndi imene imaunikira kwambiri. Ngati owerenga anadina malinki a nkhani za mkonzi mwaunyinji koma yanu anailumpha, vuto lili pa uthenga wanu kapena pa malo omwe unaikidwa. Ngati m'kalata yonse munalibe linki yomwe inadinidwa mokwanira, ndiye kuti olembetsa a kalatayo ndi ogona, ndipo ngakhale mlembi waluso chotani sakanawadzutsa.

Chiwerengero cha otsegula ndi chimene akonzi amakonda kuonetsa pofuna kukopa otsatsa malonda, koma masiku ano n'chosadalirika. Kutsegula kumawerengedwa pogwiritsa ntchito kachithunzi kakang'ono kwambiri, kosaoneka ndi maso, komwe kamabisidwa m'kalata. Foni kapena kompyuta ya wowerenga ikatsegula kachithunziko, pulogalamu yotumizira imalemba kuti kalata yawerengedwa. Mu 2021 kampani ya Apple inayambitsa njira yotetezera chinsinsi cha ogwiritsa ntchito Apple Mail, imene imatsegula yokha zithunzi za m'makalata mwini wake asanaone n'komwe. Zotsatira zake n'zakuti kalata yomwe owerenga ake ambiri ali ndi iPhone, monga zimakhalira kawirikawiri ndi makalata owerengedwa ku Britain kapena ku America, imaoneka ngati ikutsegulidwa ndi anthu ochuluka kuposa mmene zilili. Komanso wowerenga yemwe anatseka zithunzi pofuna kusunga bandulo akhoza kuwerenga kalata yonse osawerengedwa.

Chiwerengero cha odina nachonso chili ndi chinyengo chake. Maofesi akuluakulu, mabanki ndi mabungwe ambiri ali ndi mapulogalamu achitetezo omwe amayamba atsegula linki iliyonse yobwera pa imelo pofuna kuona ngati ilibe chiwembu, ndipo kutsegulako nthawi zina kumawerengedwa ngati munthu wadina. Chizindikiro chake ndi kudina kochuluka kochitika m'mphindi zoyambirira kalata itangotumizidwa, komwe sikutsatiridwa ndi chilichonse patsamba lanu.

N'chifukwa chake muyenera kukhala ndi muyeso wanuwanu. Ngati linki yanu ikupita patsamba la pa intaneti, iwonjezereni zizindikiro za UTM, timawu toikidwa kumapeto kwa linki kuti Google Analytics, pulogalamu yowerengera alendo a patsamba, izindikire kumene mlendo wachokera, ndipo mulembemo dzina la kalatayo ndi tsiku lomwe uthenga watuluka. Ngati malonda anu amathera pa WhatsApp, monga mmene zilili ndi mabizinesi ambiri kwathu kuno, gwiritsani ntchito linki ya wa.me, yomwe imatsegula WhatsApp pa nambala yanu, yokhala ndi mawu olemberatu, kuti aliyense wochokera ku kalatayo ayambe ndi chiganizo chimodzimodzi chimene inu mudzachizindikire. Njira yachikale nayonso imagwirabe ntchito: perekani khodi yochotsera mtengo yomwe ikupezeka m'kalata imeneyo yokha, ndipo muuze aliyense woyankha foni m'sitolo kuti azifunsa ogula atsopano kumene anamvera za inu. Pali mabizinesi omwe amadandaula kuti malonda sanayende pomwe ogula anabweradi, kungoti palibe amene anawafunsa kumene achokera.

Pamene uthenga sunaoneke n'komwe

Musanaweruze mawu anu, tsimikizani kuti anthu anawaona. Lembetsani nokha ku kalatayo, ndipo ikatuluka itseguleni pafoni yotsika mtengo ya Android, osati pakompyuta ya muofesi yokha, chifukwa owerenga ambiri amaionera pa sikirini yaing'ono. Werengani kuti chala chanu chayenda kangati pa sikiriniyo musanafike pa uthenga wanu. Malo a pamwamba, pansi pa mawu oyamba a mkonzi, amakhala okwera mtengo kuposa a pakati ndi a kumapeto pa chifukwa chomveka, ndipo amene wagula malo a kumapeto kwa kalata yaitali asadabwe akaona kuti odina ndi ochepa.

Malo a kumapetowo ali ndi ngozi ina imene otsatsa ambiri saidziwa. Gmail imadula kalata iliyonse yomwe kukula kwake kwapitirira makilobaiti pafupifupi 102, n'kuika pansi pake kalinki kouza wowerenga kuti adine ngati akufuna kuona yonse. Kukula kumeneku kumawerengedwa pa malemba ndi HTML ya kalatayo (zolembedwa zobisika zomwe zimakonza maonekedwe ake), osati pa zithunzi, kotero kalata yooneka yopepuka ikhoza kudulidwa ngati ili ndi nkhani zambiri ndi malinki ambirimbiri. Si owerenga onse amene amavutikira kudina kalinkiko. Ngati uthenga wanu unagwera kunsi kwa mzere wodulirawo, kwa ambiri ogwiritsa ntchito Gmail uli ngati sunatuluke, ndipo muli ndi chifukwa chokwanira chopemphera mkonzi kuti aubwereze mwaulere pamalo ooneka.

Vuto lina lofala ndi kuika uthenga wonse m'chithunzi chimodzi, chija chinakonzedwera Facebook kapena chikwangwani cha mumsewu, chokhala ndi dzina, mtengo ndi nambala ya foni zonse mkati mwake. Pulogalamu yowerengera maimelo ya Outlook ya pakompyuta kawirikawiri siionetsa zithunzi mpaka mwini wake atalola, anthu ena amazitseka dala, ndipo pamene netiweki ikuvuta chithunzi cholemera chimachedwa kuoneka mpaka wowerenga amadutsa. Zikatero pamalo panu pamangokhala bokosi lopanda kanthu. Mutu, lonjezo ndi linki zilembedwe ngati mawu enieni. Chithunzi chikhale chothandizira chabe, chopepuka, chosapitirira mulifupi wa kalata womwe nthawi zambiri umakhala mapikiselo (timadontho ta pa sikirini) pafupifupi 600, ndipo chikhale ndi mawu ochifotokoza omwe amaoneka chithunzicho chikakanika kutseguka.

Kalata yonse ikhozanso kugwera m'foda ya Spam, momwe mumaponyedwa maimelo osafunika, kapena m'chigawo cha maimelo amalonda chotchedwa Promotions chomwe Gmail inakhazikitsa mu 2013. Umenewu kwenikweni ndi udindo wa mkonzi, ndipo kuyambira mu 2024 makampani a Google ndi Yahoo amafuna kuti otumiza maimelo ambiri atsimikize kuti ndi eni ake enieni a adiresi yomwe akutumizira, kudzera m'njira zotchedwa SPF, DKIM ndi DMARC, komanso kuti wolandira azitha kudzichotsa pamndandanda mwa kudina kamodzi. Inu simufunika kudziwa kukonza zimenezi, koma mukhoza kufunsa ngati zinakonzedwa, ndipo mkonzi amene funsoli lamudabwitsa ndi wofunika kusamala naye. Mbali yanu ndi kupewa kuipitsa kalata ya mnzanu: malinki ofupikitsidwa ndi mapulogalamu aulere, omwe anthu achinyengo amawakondanso, kapena linki yopita patsamba lomwe linalowedwapo ndi akuba a pa intaneti, zikhoza kuchititsa zosefera maimelo kukayikira kalata yonse.

Unaoneka, koma palibe anadina

Apa ndi pamene luso la kulemba limalowera, komabe funso loyamba si la mawu. Kodi anthu owerenga kalatayi ndi omwe angagule chimene mukugulitsa? Kalata ya olembetsa 2,000 omwe onse ndi alimi a nkhuku ndi yaphindu kwa wogulitsa chakudya cha nkhuku kuposa kalata ya nkhani zandale ya olembetsa 50,000, ngakhale kuti yachiwiriyo imamveka yapamwamba mukamauza anzanu. Werengani makope angapo akale a kalatayo, onani omwe anatsatsamo kale, ndipo makamaka onani ngati pali amene anabwerezabwereza, chifukwa munthu sabwerera kukalipira pamalo pomwe sanapindule. Funsani kumene olembetsa amakhala ndi mmene anapezedwera. Mndandanda womwe unakula chifukwa cha mpikisano wowina foni umadzaza ndi anthu omwe ankafuna foniyo basi.

Mukatsimikiza kuti anthu ake ndi oyenera, kumbukirani kuti sanatsegule kalatayo chifukwa cha inu. Mutu wa imelo suli m'manja mwanu, dzina la wotumiza si lanu, ndipo amene wowerenga amamukhulupirira ndi mkonzi, amene wangokulolani kuti mulankhule kwa kamphindi. Muli ngati mlendo amene wapatsidwa mpata wolankhula pa msonkhano wa eni mudzi: akayamba ndi kutchula mbiri ya makolo ake ndi maudindo ake onse, anthu amayamba kucheza okhaokha, koma akanena msanga chimene chawakhudza n'kukhala pansi, ena amamutsatira msonkhano ukatha. Zolakwika zambiri za mauthenga amalonda zimachokera pa kuiwala zimenezi.

Cholakwika chofala kwambiri ndi kuyamba ndi dzina la kampani ndi mbiri yake. Tiyerekeze kuti kampani ina yogulitsa mapampu othiririra oyendera mphamvu ya dzuwa yagula malo m'kalata yowerengedwa ndi alimi a m'madimba. Uthenga wake ukuyamba motere: "Ndife kampani yodalirika yomwe yakhala ikutumikira Amalawi kwa zaka zambiri ndi katundu wapamwamba pa mitengo yabwino." M'chiganizo chimenechi mulibe chimene kampani ina iliyonse singanene, ndipo mlimi mwini wake sakutchulidwamo. Yerekezani ndi uwu: "Thirirani dimba lanu la tomato chilimwe chonse osagula petulo. Pampu yathu ya dzuwa imakoka madzi pachitsime kapena mumtsinje, timabwera kudzakuikirani, ndipo mukhoza kulipira m'magawo atatu. Onani mtengo wake ndi kukula kwa dimba lomwe ingathirire." Uthenga wachiwiriwu watchula munthu, vuto lake, chimene apindule ndi chimene achite tsopano, ndipo dzina la kampani likhoza kubwera pambuyo popanda kutaya kanthu.

Mutu wa uthenga ndi umene umaimitsa chala cha wowerenga, choncho uyenera kunyamula phindu lenileni. Mitu yochenjera yomwe tanthauzo lake limamveka munthu akawerenga ndime yonse imasangalatsa woilemba yekha. Mawu monga "apamwamba", "odalirika" ndi "osayerekezeka" anatha mphamvu chifukwa aliyense amawagwiritsa ntchito. M'malo mwake ikani chinthu chowerengeka kapena chotsimikizika, monga masiku omwe katundu amatenga kuti afike ku Mzuzu, miyezi yomwe mudzakonze mwaulere katundu akawonongeka, kapena tsiku lomwe maphunziro akuyamba. Pa nkhani ya mtengo, maganizo anga ndi akuti uzitchulidwa nthawi zonse pamene n'kotheka. Ena amaubisa poganiza kuti wofunsa akafika pa WhatsApp akamunyengerera, koma chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti amene ali ndi ndalama amaganiza kuti katunduyo ndi wodula kwambiri n'kudutsa, pomwe amene alibe ndi omwe amadzaza foni ndi mafunso. Ngati mitengo yanu imasintha malinga ndi mphamvu ya kwacha, lembani tsiku lomwe mtengowo uthere, ndipo tsikulo likhale loona, chifukwa wowerenga amene waona "mawa lokha" milungu itatu yotsatizana sadzakhulupiriranso tsiku lililonse lochokera kwa inu.

Cholakwika china ndi kufuna kugulitsa sitolo yonse m'mizere isanu. Popeza mwalipira ndalama zambiri, mtima umafuna kuti mutchule mapampu, mabatire, mababu ndi ntchito yokonza zonse pamodzi, n'kuikapo nambala ziwiri za foni, adiresi ya imelo, tsamba la Facebook ndi malo a sitolo. Wowerenga wopatsidwa njira zisanu nthawi zambiri sasankha iliyonse. Uthenga umodzi ukhale ndi chinthu chimodzi chogulitsa, lonjezo limodzi ndi chochita chimodzi. Linki ikhoza kuoneka kawiri, pamutu ndi kumapeto, koma konse ipite kumodzi, ndipo mawu ake anene chimene wodina akapeze: "Onani mitengo ya mapampu" ndi abwino kuposa "Dinani apa". Chochitacho chilinganenso ndi mmene mlendo angakukhulupirireni. Munthu amene wamva dzina lanu koyamba lero sangalipire ndalama za pampu nthawi yomweyo, koma akhoza kupempha mndandanda wa mitengo kapena kuonera kavidiyo ka pampuyo ikugwira ntchito m'dimba.

Kalankhulidwe nako kamagwetsa mauthenga ambiri. Munthu amene akuwerenga kalata yolembedwa mofatsa, yofotokoza nkhani zachuma mwaulemu, akafika pa uthenga wa zilembo zikuluzikulu zokhazokha ndi zizindikiro za mfuwuliro zitatu amadziwa nthawi yomweyo kuti apa si pake, ndipo maso amalumpha. Lembani m'chinenero ndi m'kalankhulidwe komwe kalatayo imagwiritsa ntchito. Ngati imatuluka m'Chingerezi, uthenga wanu ukhale m'Chingerezi chosavuta, ngakhale kuti pamene owerenga ake ndi Amalawi okhala kunja mzere umodzi wa Chichewa ukhoza kuwaimitsa. Akonzi ambiri amavomera kulemba okha uthengawo kapena kuukonza mukawapatsa mfundo zanu, ndipo kawirikawiri ndi bwino kuwalola, chifukwa amadziwa anthu awo kuposa inu. Chimene simuyenera kupempha ndi kuti uthengawo ubisidwe ngati nkhani wamba. Pamwamba pake palembedwe poyera kuti ndi malonda olipiridwa. Ku America bungwe la Federal Trade Commission, ndi ku Britain la Advertising Standards Authority, amafuna kuti malonda azizindikirika kuti ndi malonda, ndipo ku Malawi bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula omwe ananamizidwa potsatsa malonda. Koma ngakhale pakanapanda malamulo, wowerenga amene wazindikira mochedwa kuti anapusitsidwa amakwiyira inu ndi mkonzi yemwe.

Anadina, koma sanagule

Ngati lipoti likuonetsa kuti anthu anadina mokwanira koma ndalama sizinalowe, musakhudze uthengawo, chifukwa wagwira ntchito yake. Vuto lili kumene linki inawafikitsa. Kawirikawiri imakhala kuti yawaponya patsamba loyamba la webusaiti ya kampani, pomwe pali mawu olandira alendo, zithunzi za antchito ndi katundu wamitundumitundu, koma pampu ija ndi malipiro a m'magawo atatu aja sizikuoneka. Munthu amene wasiya pakati kalata yomwe amawerenga sakhala ndi mtima wofufuza. Akapanda kuona msanga zomwe anauzidwa amabwerera. Tsamba lofikirapo libwereze mutu womwewo, mtengo womwewo ndi chithunzi chomwecho, ndipo batani lochitira chimene mukufuna lioneke pamwamba pomwe.

Liyeseni tsambalo pafoni mutazimitsa Wi-Fi, pogwiritsa ntchito bandulo wamba. Tsamba lodzaza ndi zithunzi zolemera ndi mavidiyo odziyambira okha limachedwa kutseguka ndipo limadya bandulo ya mlendo asanaone n'komwe mtengo. Fomu yofunsa dzina, adiresi, tsiku lobadwa, ntchito ndi nambala ya chiphaso kwa munthu amene akungofuna mitengo imathamangitsa anthu. Funsani dzina ndi nambala ya foni, zinazo mudzafunse mukayamba kukambirana. Njira yolipirira igwirizane ndi kumene ogula ali. Mlimi wa ku Ntcheu amayembekeza Airtel Money, TNM Mpamba kapena akaunti ya banki, pomwe mwana wake wokhala ku Manchester kapena ku Johannesburg, amene akufuna kugulira makolo pampu yomweyo, amafuna kulipira ndi khadi kapena kudzera kwa otumiza ndalama monga Mukuru, ndipo akapanda kuona njira yomuyenera sadandaula kwa aliyense, amangochoka.

Palinso nkhani ya kuyankha. Tsiku lomwe kalata yatuluka ndi lotsatira lake ndi pamene odina ambiri amabwera, ndipo pa masiku amenewo payenera kukhala munthu wodziwa za lonjezolo amene akuyang'anira WhatsApp ndi foni. Zimachitika kuti mwini bizinesi anagwirizana ndi mkonzi zochotsera mtengo koma sanauze ogulitsa m'sitolo, kotero wogula akatchula khodi amauzidwa kuti zimenezo sakuzidziwa. Ngati kalata ikuwerengedwa ku Britain, kumbukirani kuti nthawi yawo ili m'mbuyo mwa ya Malawi ndi ola limodzi m'chilimwe chawo ndi maola awiri m'nyengo yawo yozizira, choncho mafunso omwe amatumiza akaweruka kuntchito amafika kuno anthu atatseka kale sitolo.

Kuwerengera phindu, ndi pamene muyenera kuyesanso

Nthawi zina palibe chinalakwika, kungoti munayembekeza zambiri. Tiyerekeze kuti kalata inafika kwa anthu 10,000 ndipo mmodzi pa 100 alionse anadina linki yanu; amenewo ndi alendo 100. Ngati atatu mwa iwo agula, funso lofunika ndi lakuti kodi phindu lochokera kwa ogula atatuwo likuposa ndalama zomwe munalipira. Kwa wogulitsa mapampu kapena maphunziro a ndalama zambiri yankho likhoza kukhala inde, koma kwa wogulitsa sopo sizingatheke pokhapokha ogulawo azidzabwerera mwezi ndi mwezi. Masamu amenewa achitidwe musanalipire. Akonzi ena amalipiritsa mtengo umodzi pa kalata, ena pa anthu 1,000 alionse olandira kapena otsegula, ena pa kudina kulikonse. Njira iliyonse isandutseni kukhala mtengo wa mlendo mmodzi wofika patsamba lanu, kuti muthe kuyerekeza ndi zimene mungalipire pa Facebook, ndipo ngati mtengo ukuwerengedwa pa otsegula musaiwale kuti ena mwa otsegulawo ndi makina a Apple.

Simungagamule bwino uthenga utangotuluka kamodzi. Mlungu umenewo wowerenga mwina anali pamaliro, mwina analibe ndalama chifukwa mwezi unali pakati, kapena nyengo yothirira inali isanafike. Ndi bwino kugula malo katatu motalikirana m'kalata yaing'ono yoyenera kusiyana ndi kuthera ndalama zonse pa tsiku limodzi m'kalata yaikulu. Pobwereza, sinthani chinthu chimodzi chokha, kaya mutu, lonjezo kapena malo, chifukwa mukasintha zonse pamodzi simudzadziwa chimene chathandiza. Musathamangirenso kugamula pa manambala aang'ono, poti kusiyana kwa odina 12 ndi 15 kukhoza kungochitika mwamwayi. Nthawi zina zimatembenukanso: uthenga womwe unayenda bwino koyamba umayamba kufooka ukabwerezedwa osasinthidwa, chifukwa olembetsa ndi omwewo ndipo amene anali okonzeka kugula anagula kale. Zikatero yambirani mbali ina ya vuto la wogula, mwachitsanzo kuchoka pa mtengo wa petulo kupita pa kukolola kawiri pachaka, kapena pumulani miyezi ingapo.

Ena akakhumudwa amapempha mkonzi kuti angowagulitsa mndandanda wa maadiresi kuti azitumiza okha. Mkonzi wanzeru amakana, ndipo kukanako kumakutetezani inunso. Anthuwo anavomera kulandira kalata yake, osati maimelo anu, ndipo malamulo oteteza chinsinsi cha anthu, monga GDPR ya ku Ulaya yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2018, POPIA ya ku South Africa, ndi Data Protection Act ya 2021 ku Zambia komanso ya 2024 ku Malawi, amaika malire pa kugwiritsa ntchito zinthu zokhudza munthu popanda chilolezo chake. Kuwonjezera apo, anthu akalandira maimelo omwe sanapemphe amawaponya ku Spam, ndipo adiresi ya bizinesi yanu imaipa mbiri mpaka makalata anu a tsiku ndi tsiku opita kwa makasitomala amayamba kusowa. Njira yoyenera ndi kugwiritsa ntchito malo omwe mwagulawo kuitana owerenga kuti alembetse okha kwa inu posinthana ndi chinthu chaphindu, monga mndandanda wa mitengo kapena malangizo a kathiriridwe ka dimba.

Mukamagwirizana ndi mkonzi za ulendo wotsatira, zonse zilembedwe pa imelo musanalipire: tsiku, malo enieni a uthenga wanu m'kalatamo, kuchuluka kwa otsatsa ena omwe akhalemo ndi ngati pali wogulitsa katundu wofanana ndi wanu, tsiku lomwe adzakupatseni lipoti, ndi pangano lakuti linki ikalakwika kapena kalata ikadulidwa pamwamba pa uthenga wanu adzaubwereza mwaulere. Pemphaninso kuti akutumizireni kope loyesera tsikulo lisanafike. Likafika, dinani nokha linki iliyonse pafoni ndipo muwerengenso mtengo ndi nambala ya foni, chifukwa imelo ikatumizidwa singakonzedwenso monga tsamba la pa intaneti, ndipo chilembo chimodzi cholakwika m'linki chimatumiza odina onse patsamba lomwe kulibe.